Malole, Akasinja ndi Mizinga: Mmene Tauni ya Luton Inkapangira Magalimoto Ankhondo Uku Ikudziteteza ku Ndege za Adani

Kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni 1940, pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, dziko la Britain linakwanitsa kuwolotsa asilikali oposa 338,000, ake ndi a mayiko ogwirizana nalo, kuchoka pa doko la Dunkirk ku France. Anthuwo anapulumuka, koma pafupifupi chilichonse choyenda ndi matayala chinatsalira kutsidya. Magalimoto pafupifupi 64,000 ndi mizinga yoposa 2,000 zinasiyidwa m'misewu ndi m'mphepete mwa nyanja, zina zitaphwanyidwa dala kuti asilikali a Germany asazigwiritse ntchito. Gulu lankhondo limene lilibe malole silingathe kunyamula chakudya, mafuta, zipolopolo kapena ovulala, ndipo limangokhala khamu la anthu onyamula mfuti lodikira adani pamalo amodzi. N'chifukwa chake m'chilimwe cha chaka chimenecho maso a boma anatembenukira ku matauni amene anali ndi mafakitale a magalimoto, monga Coventry, Birmingham, Dagenham, Oxford ndi Luton. Tsoka lake linali lakuti akuluakulu a gulu la ndege zankhondo la Germany, la Luftwaffe, ankawadziwanso bwino matauni omwewo.

Luton ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa London, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi ntchito yosoka zipewa. Kampani ya magalimoto ya Vauxhall inasamukira kumeneko mu 1905, ndipo mu 1925 inagulidwa ndi General Motors ya ku America. Mu 1931 inayamba kupanga malole a dzina lakuti Bedford, dzina limene achikulire ambiri ku Malawi ndi ku Zambia amalikumbukira, popeza malole amenewa ananyamula fodya, chimanga ndi anthu m'misewu yafumbi kwa zaka zochuluka nkhondo itatha. M'tauni yomweyo munali fakitale ya malole ya Commer, fakitale ya Skefko yopanga mabelingi, ndiponso kampani ya ndege ya Percival. Kwa munthu wokonza dongosolo loponya mabomba, tauni yotereyi inali ngati nkhokwe zingapo zomangidwa pabwalo limodzi.

Vauxhall inasiya kupanga magalimoto a anthu wamba mu 1940, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo inali itatulutsa malole a Bedford pafupifupi 250,000. Mitundu itatu ndiyo inachuluka. MW inali kalole kakang'ono konyamula gulu lochepa la asilikali ndi katundu wawo, OY inkanyamula matani 3, pomwe QL, imene inayamba kupangidwa mu 1941, inkakoka ndi matayala onse anayi ndipo inkatha kudutsa m'matope ndi mumchenga. Nzeru yaikulu inali yakuti mitundu yonseyi inkagwiritsa ntchito injini imodzimodzi ya petulo ya masilinda 6. Makaniko wa usilikali amene anaphunzira kukonza lole imodzi ankatha kukonzanso zinzake, ndipo bokosi limodzi la masipeya linkathandiza malole ambirimbiri, kaya ali m'chipululu cha Libya kapena m'mapiri a Italy.

Kupanga lole pa mzere kunkayamba ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene zinkalumikizidwa ndi zina zopingasa n'kupanga chasisi. Pa chasisipo ankamangirira masipuling'i ndi ma ekiselo, kenaka chinkakokedwa pang'onopang'ono kudutsa pamalo pomwe injini, yomangiriridwa kale ku giyabokosi, inkatsitsidwa ndi tcheni kuchokera kudenga. Patsogolo pake panali oika ladiyeta, ena olumikiza mapaipi a mabuleki ndi mawaya amagetsi, ena omanga matayala, ndipo kumapeto kwenikweni ankatsitsa mutu wa lole ndi kuthira petulo wokwanira kuti ituluke yokha pakhomo. Munthu aliyense ankagwira ntchito imodzi yokha, mwina kumanga mabawuti angapo omwewo tsiku lonse. Dongosolo limeneli ndi limene linkachititsa kuti munthu amene dzulo lake ankasoka zipewa aphunzire ntchito m'masabata ochepa. Koma linalinso ndi kufooka kwake, ndipo kufookako ndiko gwero la nkhani yonse yoteteza tauni: mzere ukaima pamalo amodzi, umaima wonse. Sipankafunika kugwetsa fakitale yonse kuti malole asiye kutuluka. Kudula magetsi, kuphulitsa paipi ya gasi, kuwononga njanji yobweretsa zitsulo, kapenanso kungothamangitsira antchito kumalo obisalako kwa maola atatu, zonsezi zinkakwanira.

Si magalimoto onse a gulu lankhondo la Britain amene ankapangidwa m'dzikomo. Dziko la Canada lokha linapanga magalimoto ankhondo oposa 800,000, ndipo enanso ochuluka ankachokera ku America. Vuto linali malo m'sitima zapamadzi, zimene zinali zochepa ndiponso zinkamizidwa ndi sitima za pansi pa nyanja za Germany. Lole yomangidwa kale imadya malo ambiri pachabe, chifukwa mkati mwa mutu wake ndi m'bodi mumakhala mpweya wokhawokha. Choncho magalimoto ambiri ankatumizidwa ali omasulidwa m'mabokosi amatabwa, nthawi zina machasisi awiri m'bokosi limodzi, mitu yake m'bokosi lina, zitsulo zonse zitapakidwa girizi wokhuthala kuti zisachite dzimbiri ndi mpweya wamchere wa panyanja. Akafika ku Britain ankaperekedwa kwa makampani ndi magalaja osiyanasiyana kuti awalumikize. Fakitale ya Citroën ku Slough inalumikiza malole masauzande ambiri ochokera ku Canada, ndipo kampani ya Pearson ku Liverpool inkachita chimodzimodzi pafupi ndi doko. Ntchito yoyamba m'malo oterewa inali yotopetsa koma yosapeweka, ndiyo kuchotsa misomali ya mabokosi, kutsuka girizi ndi palafini, ndi kuwerenga ngati zipangizo zonse zafika.

Ku Luton, ntchito imene inavuta kuposa zonse inali ya akasinja. Pambuyo pa Dunkirk boma linapempha Vauxhall, kampani imene inali isanapangepo kasinja ngakhale mmodzi, kuti ikonze kasinja wolemera woperekeza asilikali oyenda pansi, ndipo kuti ayambe kutuluka m'fakitale chaka chisanathe. Ntchito yotereyi nthawi zonse inkatenga zaka zingapo. Akatswiri a kampaniyo anayambira pa kasinja woyeserera wotchedwa A20, amene kampani yopanga sitima ya Harland and Wolff ku Belfast inali itapanga, ndipo anamusintha kwambiri n'kukhala A22. Popeza kunalibe injini yamphamvu yokwanira, anapanga yatsopano ya masilinda 12 ogona mbali ziwiri, imene kwenikweni inali ngati mainjini awiri a lole olumikizidwa pa shafiti imodzi. Kasinja woyamba woyeserera anayenda mu Disembala 1940, ndipo oyamba 14 opita kwa asilikali anatuluka mu Juni 1941. Anamutcha dzina lakuti Churchill. Ankalemera matani pafupifupi 40, anali ndi timagudumu 11 mbali iliyonse mkati mwa matcheni ake, ndipo liwiro lake silinkapitirira makilomita pafupifupi 25 pa ola.

Vauxhall sinkapanga akasinja onsewo yokha. Inali ngati kholo la gulu la makampani pafupifupi khumi, ena opanga mabogi a sitima zapamtunda monga Metropolitan-Cammell ndi Birmingham Railway Carriage and Wagon, ena opanga malole monga Leyland ndi Dennis. Zojambula zonse zinkachokera ku Luton, ndipo Vauxhall ndiyo inkaonetsetsa kuti chitsulo chopangidwa ku Yorkshire chikwanire pa chinzake chopangidwa ku Birmingham. Kugawana ntchito kotereku kunali ndi cholinga china kupatula kufulumizitsa ntchito, chifukwa fakitale imodzi ikaphulitsidwa, zina zinkapitiriza. Pa chifukwa chofananacho komanso pofuna malo ena, mu 1942 kampaniyo inatsegula fakitale ina ku Dunstable, tauni yoyandikana nayo. Akasinja a Churchill onse pamodzi anakwana 5,640.

Kuthamangira kumeneku kunali ndi mtengo wake. Akasinja oyambirira ankawonongeka pafupipafupi, ankatentha injini, ankavuta magiya, ndipo matcheni ankaduka. Kampaniyo inachita chinthu chosowa m'mbiri ya zida zankhondo, pakuti inaika m'buku la malangizo kapepala kovomereza zolakwikazo, kofotokoza kuti nthawi yoyesera mokwanira inasowa, ndi kouza asilikali njira zopewera mavutowo kufikira atakonzedwa. Inatumizanso amakaniko ake kukakhala ndi magulu a asilikali kuti aziona okha zimene zinkaduka, ndipo mu 1942 akasinja ambiri oyambirira anabwezedwa kukakonzedwanso. Nduna yaikulu Winston Churchill mwiniwake anaseka m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 1942 kuti kasinjayo anapatsidwa dzina lake zolakwika zake zitaonekera. Pa chiwembu chimene asilikali a mayiko ogwirizana anachita pa doko la Dieppe ku France mu Ogasiti 1942 akasinjawa sanapindule kwenikweni, koma ku Tunisia mu 1943 anadabwitsa adani pokwera mapiri otsetsereka monga Longstop Hill, kumene asilikali a Germany ankaganiza kuti kasinja sangafikeko.

Pamene ntchito yonseyi inkangoyamba kumene, nkhondo inafika pakhomo. Lachisanu pa 30 Ogasiti 1940, chakumadzulo dzuwa likadali m'mwamba, gulu la ndege za Germany zoponya mabomba za Heinkel 111 linadutsa chitetezo cha kum'mwera n'kufika pa Luton. Mabomba anagwa pa fakitale ya Vauxhall ndi m'makwalala oyandikana nayo anthu asanathawire kobisala. Antchito 39 a Vauxhall anaphedwa, ndipo m'tauni yonse anthu oposa 50 anataya miyoyo m'mphindi zowerengeka chabe. Makina ambiri anapulumuka, ndipo patangopita masiku ochepa ntchito inayambanso. Komabe tsikulo linaonetsa poyera funso limene eni mafakitale onse ankalimbana nalo: kodi antchito azichenjezedwa liti?

Funsoli likuoneka losavuta, koma linali lovuta zedi. Poyamba lamulo linali lakuti sayilini yochenjeza za ndege za adani ikalira aliyense asiye ntchito n'kupita kobisala kufikira italiranso kuti kwayera. Koma sayilini inkalira m'chigawo chonse, ngakhale ndege ya adani itakhala imodzi yokha ndiponso ikulowera kwina. Ndege imodzi yozungulira usiku inkatha kuimitsa mafakitale a matauni angapo popanda kuponya bomba ngakhale limodzi, ndipo maola otayika motero anayamba kuposa amene ankatayika chifukwa cha mabomba enieni. Kuyambira mu Seputembala 1940 boma linalimbikitsa njira ina. Sayilini ya m'tauni inasanduka chenjezo chabe, ndipo ntchito inkapitirira. Pa denga la fakitale pankakhala alonda ophunzitsidwa kuzindikira ndege poona maonekedwe a mapiko ndi kumva kulira kwa injini, ali ndi magalasi oonera kutali, telefoni ndi batani la belu. Iwo okha akaona kuti ndege yalunjika pa fakitale ndi pamene ankaliza belu, ndipo antchito ankakhala ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zoti agone pansi kuseri kwa timakoma ta njerwa ndi matumba a mchenga amene anamangidwa mkati mwa fakitale momwemo. Mlonda wa padenga ankasenza udindo wolemera, pakuti akaliza belu msanga ankaimitsa anthu masauzande pachabe, ndipo akachedwa ankaphetsa anzake.

Kunja kwa mpanda wa fakitale, chitetezo chinali ndi magawo angapo. M'mphepete mwa nyanja munali nsanja za Chain Home zokhala ndi radar, chipangizo chozindikira ndege pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, ndipo zinkaona ndege zikadali kutsidya. Ndege zikalowa kumtunda, gulu la anthu ongodzipereka la Observer Corps linkazitsatira ndi maso ndi makutu n'kumaimba telefoni kumalo osonkhanitsira mauthenga. Kenaka panali ndege zolimbana ndi adani, zimene masana zinkachita bwino koma usiku, mu 1940, zinkangofufuza mumdima. Mizinga yonse yowombera ndege inali pansi pa Anti-Aircraft Command, imene inakhazikitsidwa mu Epulo 1939 ndipo kwa pafupifupi nkhondo yonse inkatsogoleredwa ndi General Frederick Pile. Nkhondo ikuyamba, gululi linali ndi mizinga ikuluikulu pafupifupi 700 yokha, pomwe dongosolo la boma linkafuna yoposa 2,000. Mizinga yochepayo inkalimbiranidwa ndi London, madoko, mabwalo a ndege ndi mafakitale a ndege, motero tauni ya malole inkalandira zotsala, ndipo nthawi zambiri mizinga inkasamutsidwa kuchoka ku tauni ina kupita ku inzake kutsatira kumene adani aponya mabomba dzulo lake.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mizinga inkaphonya kwambiri, ayenera kuyerekezera zimene zinkachitika pa malo amodzi a mizinga usiku. Mzinga waukulu wa Britain unali wa mainchesi 3.7, kutanthauza mamilimita 94 kukamwa kwake, ndipo unkaponya chipolopolo cholemera makilogalamu pafupifupi 13. Ndege yoponya mabomba inkauluka mwina mamita 5,000 kuchokera pansi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola, ndiye kuti mamita oposa 80 pa sekondi iliyonse. Chipolopolo chinkatenga masekondi 10 kapena kuposerapo kuti chifike kumeneko, ndipo pa nthawiyo ndegeyo inkakhala itasuntha pafupifupi kilomita yathunthu. Choncho mzinga sunkalozetsedwa pa ndege, koma pamalo opanda kanthu pamene ankayembekezera kuti ndegeyo ifika. Kuwerengera kumeneku kunkachitidwa ndi makina otchedwa predictor, bokosi lachitsulo lodzaza ndi timagiya, limene anthu angapo ankalizungulira, wina akutsatira ndege cham'mbali, wina cham'mwamba, wina akulowetsa kutalika kumene anzawo ayeza ndi chipangizo china. Mayankho ankapita pa mawaya kukafika pa mawotchi a pa mzinga, ndipo asilikali awiri okhala pa mipando ankapukusa zogwirira kufikira mivi ya wotchi itagwirizana. Chipolopolocho chinali ndi fyuzi ya nthawi imene inkatcheredwa chisanalowe mumzinga, kuti chikaphulike pa sekondi yoyenera n'kumwaza zidutswa. Kuchedwa kwa wolowetsa chipolopolo ndi sekondi imodzi kunkaphonyetsa ndi mamita 80, ndipo woyendetsa ndege akangokhota pang'ono kuwerengera konseko kunkapita pachabe.

Usiku vuto linkakula chifukwa ndegeyo sinkaoneka n'komwe. Asilikali ankadalira zipangizo zomvera phokoso, zooneka ngati malipenga akuluakulu, kuti alozetse magetsi amphamvu ounikira kumwamba. Koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, motero kulira kwa injini kochokera pa mamita 5,000 kunkafika patapita masekondi 15, ndipo womvetserayo ankaloza pamene ndege inali kale, osati pamene ili. Radar yoyamba yothandiza mizinga, yotchedwa GL, inkayeza mtunda bwino koma inkavutika kudziwa kutalika, chifukwa mafunde ake ankanjanja pa nthaka yosasalazika. Gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Patrick Blackett linathandiza kukonza kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo njira imodzi imene inapezeka inali yoyala waya wa khola la nkhuku pamalo aakulu kuzungulira radar kuti pakhale posalala. Waya ameneyu anagulidwa wochuluka kwambiri moti anasowa m'masitolo a dziko lonse. Zipolopolo zofunika kugwetsa ndege imodzi zinatsika kuchoka pa pafupifupi 20,000 m'chilimwe cha 1940 kufika pa pafupifupi 4,000 mu 1941, kumene kunali kupita patsogolo kwakukulu ngakhale chiwerengerocho chikadali chododometsa.

Zimene zinachitika ku Coventry usiku wa pa 14 Novembala 1940 zinaonetsa malire a chitetezo chotere. Mzindawu unali likulu la makampani a magalimoto monga Daimler, Humber, Standard ndi Alvis, amene pa nthawiyo ankapanga magalimoto ankhondo, mainjini a ndege ndi zida zina, ndipo mafakitale ambiri anali pakati penipeni pa nyumba za anthu. Ndege pafupifupi 500 zinabwera mwezi ukuwala, zotsogola zikutsatira mafunde a wailesi a dongosolo lotchedwa X-Gerät n'kuyatsa moto woti zinzake zizilondola. Mzindawo unali ndi mizinga ikuluikulu 24 ya mainchesi 3.7 ndi ing'onoing'ono 12 ya Bofors. Inaombera zipolopolo masauzande angapo usiku wonse, koma ndege imodzi yokha ndiyo inagwetsedwa. Anthu oposa 560 anafa, nyumba zoposa 4,000 zinawonongekeratu, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Michael chinapsa. Chodabwitsa n'chakuti makina ambiri a m'mafakitale anapezeka ali bwino pansi pa madenga ogumuka. Chimene chinaimitsa ntchito kwambiri chinali kusowa kwa madzi, gasi ndi magetsi, ndiponso antchito amene analibe pogona, ndipo zimenezi zitakonzedwa ntchito inabwerera m'masabata ndi miyezi yochepa.

Wina angafunse kuti mizinga inali ndi phindu lanji ngati inkaphonya chotere. Kuona kwanga n'kwakuti amene amayeza chitetezo cha tauni ya mafakitale powerenga ndege zogwa amayeza chinthu cholakwika. Ntchito yeniyeni ya mizinga inali kukakamiza ndege kuti ziuluke m'mwamba kwambiri ndi kuti zizikhotakhota pa mphindi yomwe woponya bomba ankafuna kuti ndege iyende mowongoka. Bomba loponyedwa kuchokera pa mamita 5,000 ndi munthu amene akuthawa zipolopolo limatha kugwa mamita mazanamazana kutali ndi fakitale. Mizinga ing'onoing'ono ya Bofors ya mamilimita 40, imene inkaombera zipolopolo pafupifupi 120 pa mphindi, inkaikidwa pafupi ndi mafakitale kuti iletse ndege zotsika pansi, zimene ndizo zinkalasa molondola. Apa pali chinthu chochititsa chidwi, pakuti mtundu umodzi wa lole ya Bedford QL, wotchedwa QLB, unapangidwira kukoka mzinga womwewu wa Bofors pamodzi ndi asilikali ake ndi zipolopolo. Zibaluni zikuluzikulu zodzaza ndi mpweya wa hayidirojeni zinkagwira ntchito yofanana. Zinkakwezedwa kufika mamita pafupifupi 1,500 zitamangidwa ku chingwe chachitsulo, ndipo choopsa kwa ndege chinali chingwecho, chimene chinkatha kudula phiko. Malo aakulu okonzera zibalunizi ndi kuphunzitsira oziyendetsa anali ku Cardington, m'chigawo cha Bedfordshire, mmene mulinso Luton. Tiyenera kuvomereza kuti chitetezo chimenechi chinali ndi mbali yowawa: bomba limene laphonya fakitale silinkasowa pogwera, ndipo kawirikawiri linkagwera nyumba za antchito omwewo. Zidutswa za zipolopolo za mizinga nazonso zinkabwerera pansi n'kuvulaza anthu.

Njira ina, imene mwina inathandiza Luton kuposa mizinga, inali kubisa tauniyo. Mazenera ndi magalasi a padenga la fakitale anapakidwa utoto wakuda, moti antchito ankagwira ntchito ndi magetsi usana ndi usiku m'nyumba zosalowa mpweya wokwanira. Madenga anapakidwa mitundu yosokoneza maso kuti fakitale ioneke kuchokera kumwamba ngati nyumba wamba ndi minda. Usiku wa mwezi wowala, mbaula zoyaka mafuta akuda zinkayatsidwa m'mphepete mwa misewu kuti utsi uphimbe tauni, ndipo anthu a ku Luton ankadandaula ndi mwaye umene unkadetsa makatani ndi zovala komanso kutsokomoletsa ana. Pambuyo pa Coventry, dipatimenti yotsogoleredwa ndi Colonel John Turner, mothandizidwa ndi amisiri okonza malo ojambulira mafilimu a ku Shepperton, inamanga malo onyenga otchedwa Starfish m'minda ya kutali ndi matauni. Ndege zotsogola zikangodutsa, asilikali ochepa okhala m'chipinda cha konkire ankayatsa ndi magetsi madengu a zinyalala, malasha ndi mafuta, kuti ndege zobwera pambuyo ziganize kuti tauni yoyaka ili pamenepo. Pa nthawi yomweyo akatswiri a wailesi, potsatira zimene wasayansi R. V. Jones anatulukira, ankasokoneza mafunde amene ndege za Germany zinkatsatira.

Moto ndiwo unkawononga mafakitale kuposa mabomba ophulika. Bomba loyatsa moto linkalemera kilogalamu imodzi yokha, ndipo ndege imodzi inkanyamula mazanamazana. Likagwa padenga n'kupezedwa m'mphindi zoyambirira, munthu mmodzi wokhala ndi fosholo, thumba la mchenga ndi kapampu ka m'ndowa ankatha kulizimitsa, koma likasiyidwa linkatentha nyumba yonse yosungiramo utoto kapena matayala. Kuyambira kumayambiriro kwa 1941 lamulo linakakamiza malo antchito kukhala ndi alonda a moto usiku uliwonse, ndipo alondawo anali antchito omwewo amene masana anali pa mzere.

Kuchepa kwa anthu kunachititsa kuti opanga magalimoto ndi oteteza tauni akhale pafupifupi anthu amodzimodzi. Lamulo la Essential Work Order la mu Marichi 1941, limene nduna ya zantchito Ernest Bevin inakhazikitsa, linaletsa wantchito wa m'fakitale yofunika kusiya ntchito popanda chilolezo, ndipo linaletsanso bwana kumuchotsa mwachisawawa. Mu Disembala chaka chomwecho akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30 anayamba kuitanidwa mokakamiza, ena kupita ku mafakitale, ena ku magulu othandiza asilikali. General Pile anali atayamba kale kuika akazi a ATS, gulu la akazi lothandiza asilikali, pa malo a mizinga, ndipo gulu loyamba losakaniza amuna ndi akazi linayamba ntchito ku Richmond Park mu Ogasiti 1941. Akaziwo ankayendetsa radar, predictor ndi zoyezera kutalika, ndiye kuti ankachita zonse zolozetsa mzinga, koma lamulo linkawaletsa kuuombera, kusiyanitsa kumene kunali kotonthoza andale kuposa kuteteza akaziwo ku mabomba. Mary Churchill, mwana wa nduna yaikulu, anali mmodzi wa iwo. Kuyambira mu 1942 amuna a Home Guard, gulu la anthu wamba loteteza dziko kwawo, ambiri a iwo antchito a m'mafakitale, anayamba kusinthana usiku pa zida zoponya maroketi zotchedwa Z Battery ndiponso pa mizinga, kuti asilikali enieni apite kunkhondo kunja. Munthu ankatha kugwira shifiti ya maola 10 kapena 12 akumanga ma ekiselo, usiku wina n'kukakhala pa mzinga, m'mawa n'kubwereranso pa mzere.

Mizinga inadzafika pogwetsa zinthu molondola mu 1944, pamene Germany inayamba kuponya mabomba ouluka okha a V-1 kuyambira pa 13 Juni. Mabombawa ankauluka mowongoka, pa liwiro ndi kutalika kosasintha, zimene ndizo predictor inkafuna. Mu Julayi mizinga mazanamazana inasamutsidwira m'mphepete mwa nyanja kum'mwera, itakokedwa ndi malole ankhaninkhani m'masiku ochepa, ndipo inalandira radar ya ku America ya SCR-584 pamodzi ndi fyuzi yatsopano yokhala ndi kawailesi mkati, imene inkaphulitsa chipolopolo chikangoyandikira chinthu. Pofika kumapeto kwa Ogasiti mizinga inkagwetsa mabomba oposa theka la amene ankafika pamalo ake.

Patangopita masabata ochepa kunabwera roketi ya V-2, imene inagwa ku London koyamba pa 8 Seputembala 1944. Inkatsika kuchokera kumwamba kwambiri pa liwiro loposa la phokoso, moti anthu ankamva kuphulika kaye kenaka n'kumva mkokomo wa kubwera kwake. Mlonda wa padenga analibe choti aone, sayilini inalibe nthawi yolira, ndipo utsi, zibaluni ndi mizinga zinalibe ntchito. Pa 6 Novembala 1944 roketi yotereyi inagwa pa fakitale ya malole ya Commer mumsewu wa Biscot ku Luton, n'kupha anthu 19 ndi kuwononga nyumba zambiri zozungulira. Maroketiwa anasiya kugwa ku Britain kumapeto kwa Marichi 1945, pamene asilikali a mayiko ogwirizana anayandikira malo amene ankaponyedwera ku Netherlands. Pofika nthawi imeneyo anthu 107 anali ataphedwa ndi mabomba m'tauni ya Luton.